Chilichonse chonyezimira mukuchitcha nageti?

Sabata yatha ndamva za bambo wina amene anagulitsa mbuzi zonse m'khola kuti agule "nageti" ya golide kwa anyamata awiri omwe ankati achokera ku Makanjira. Malonda ake anachitikira kuseri kwa golosale, usiku, powunikira ndi tochi ya foni. Kutacha zinapezeka kuti ndi bulasi wa mpopi wosungunula. Munthu wamkulu, wa imvi zake! Mwatani kodi abale anga?

Mukuyesa nageti ndi mbatata yoti aliyense afukule? Golide wochuluka amene anthu amasefa mumtsinje wa Unga, ku Nathenje kapena ku Lisungwi ndi wafumbi. Nageti yeniyeni ndi kachibuma kamene kanaumbika kokha m'nthaka: madzi anakakulunga m'mbali, kali ndi timaenje, ndipo kawirikawiri mumatsalira timiyala toyera. Kupeza yonga njere ya chimanga ndi mwayi waukulu. Ndiye wina asolole m'sokosi yonga dzira la nkhuku, inu n'kuwomba m'manja? Golide wokula choncho amapitirira magalamu 800. Munamunyamula?

Mukuti munaluma ndi mano. Mtovu wopaka utoto nawonso ndi wofewa. Mukuti maginito sanagwire. Nanga bulasi amagwira maginito? Mukuti munakhutiza kunsi kwa mbale yadothi n'kutuluka mzere wachikasu. Zimenezo zimangogwira pyrite, mwala wonyezimira ngati golide, amene mzere wake ndi wakuda ndipo amaphwanyika mukamenya ndi hamala, pomwe golide amangophwatalala. Bulasi amadutsa mayeso a maginito ndi a mbalewa akuseka.

Chimene sichinama ndi kulemera. Yezani chibumacho pa kasikelo ka magalamu, mulembe. Kenako ikani kapu ya madzi pasikelopo, mubweze pa ziro. Mangani chibumacho ndi ulusi, muchimize chonse koma chisakhudze pansi kapena m'mbali mwa kapu, apo ayi nambala ilakwika. Mulembenso nambala imene sikelo yaonetsa. Gawani nambala yoyamba ndi yachiwiriyi. Golide wosasakaniza amapereka 19.3, ndipo nageti yabwino siitalikirana kwambiri ndi pamenepo. Mtovu ndi 11, bulasi pakati pa 8 ndi 9, pyrite 5. Ntchito ya mphindi zisanu imeneyi yakukanikani? Dontho la nitric acid pamalo pamene mwapala limachita thovu lobiriwira pa bulasi, pa golide silichita kanthu. Wogulitsa akakana kuti mupale, mukudikiranso chiyani?

Enanso ndi awa akutola timibulu ta golide tosakaniza ndi mekyule, chitsulo chamadzimadzi chogwirira golide wafumbi, n'kumatitcha manageti. Akukatiwotchera pambaula m'khitchini, chitseko chotseka, mwana ali kumsana, poto wa phala ali pambali. Utsi umenewo ulibe fungo, koma umalowa m'mapapo n'kukawononga ubongo ndi impso. Mudzaona manja akunjenjemera mudzayambe kuloza agogo a pamudzi kuti akulodzani?

Mu 2021 Reserve Bank of Malawi inayamba kugula golide kudzera ku bungwe lake la Export Development Fund, masana, pasikelo. Munthu amene ali ndi golide weniweni angasiye kumeneko n'kubwera kwa inu mumdima kudzakupatsani pa theka la mtengo? Ndinu malume ake?

Tasiyani kutichititsa manyazi.