Ndege si minibasi

Akulu mwalemba zoona kuti tindege ting'onoting'ono timagwa ponyamuka chifukwa chopakira mosasamala. Mukukumbuka ngozi ya Aaliyah ija, woyimba wa ku America uja? Pa 25 Ogasiti 2001 ku Marsh Harbour, Bahamas, ndege yaing'ono ya Cessna 402B yomwe anakwera inangodzuka pang'ono basi n'kugwa chapafupi ndi bwalo pomwepo, anthu onse 9 omwe anali m'ndegemo anamwalira. Ofufuza anapeza kuti inapyola muyezo ndi makilo oposa 300 komanso kulemerako kunathera kumbuyo. Apa ndiye poopsa, kumchira kukalemera mphuno imangoloza kumwamba, liwiro limatsika, mapiko n'kusiya kunyamula, ndiye pailoti akonza bwanji ali mmunsi choncho. Koma wina akamamuyeza asanakwere ndege amakwiyabe ati mukundiyezeranji pasikelo ngati thumba la chimanga, aaa inu.