Chithunzi chimagulitsa mpukutu, koma wogulayo akufuna juzi

Anzanga amene mumanyika ulusi n'kumagulitsa, pali nkhani imene yandikhala pamtima. Bizinesi yathuyi yatengeka kwambiri ndi chithunzi. Mpukutu ukapotedwa bwino n'kuikidwa pawindo dzuwa likulowa, mitundu isanu ikuwala pamodzi, munthu amaima pafoni yake n'kuitanitsa nthawi yomweyo. Malonda amayenda ndithu. Komatu wogulayo sakufuna choika pashelefu. Akamasula mpukutuwo, akaluka juzi madzulo aliwonse kwa miyezi, kenako akaivala, akaichapa, akaivalanso. Ine ndimati ntchito yathu iziyezedwa pa juzi imeneyo, ndipo ambiri a ife sitinaionepo n'komwe.

Ulusi wa mitundu yambiri umasintha nkhope ukalukidwa. Pampukutu, kufiira ndi kubiriwira zimakhala moyandikana mwaulemu. Pasingano, zigawo za mtundu umodzi zimatha kugwera malo amodzimodzi mzere ndi mzere, n'kupanga zigamba zikuluzikulu pachifuwa, pomwe pamkono, poti mzere wake ndi waufupi, ulusi womwewo ukutulutsa mizeremizere. Izi si ngozi. Zimachokera pa kutalika kwa chigawo chilichonse chimene tinanyika ndi kuchuluka kwa ulusi umene mzere umodzi umadya. Ndiye bwanji sitiluka kachigamba kakang'ono ka mtundu uliwonse watsopano n'kukajambula pambali pa mpukutuwo? Ndikudziwa yankho lake: nthawi palibe, ndipo ulusi woyeserawo sugulitsidwanso. Ndi zoona. Koma tikapanda kulipira ife ndi madzulo amodzi, amalipira ndi kasitomala ndi miyezi yake, ndipo iye sanasankhe kutiyesera katundu.

Chinanso ndi cha miphika. Aliyense amene wanyikapo amadziwa kuti muyeso womwewo wa utoto sutulutsa mtundu ndendende kawiri. Madzi akasintha pang'ono, moto ukakwera msanga, kapena ulusi woyera ukachokera m'katoni ina, mtundu umapendekeka. Ngakhale mafakitale akuluakulu amalemba nambala ya gulu lonyikidwa pamodzi pa lebulo iliyonse, chifukwa nawonso vutoli amalidziwa. Ife amene mphika wathu umangolowa mipukutu yochepa tiyenera kulankhula za zimenezi mokweza kuposa iwo. Munthu akaitanitsa mipukutu iwiri, mufunseni akuluka chiyani. Akati juzi ya munthu wamkulu, muuzeni poyera kuti iwiri siikwana, agule yonse kamodzi kuchokera mumphika umodzi, ndipo aziluka mizere iwiri ndi mpukutu uwu, iwiri ndi winawo, kuti kusiyanako kubisike. Ena amaopa kuti akatero aoneka ngati akukakamiza malonda. Ine ndimaona kuti kukhala chete ndiye kulakwa, chifukwa munthuyo adzabwera ulusi utamuthera mkono umodzi usanathe, ndipo mtundu wofanana sitidzaupezanso.

Pa nkhani ya kuchucha kwa utoto ndiye sindifuna kunyengerera. Ubweya wa nkhosa, wa nyama yotchedwa alpaca ndi silika zimagwira utoto wa asidi, wothiramo viniga kapena citric acid, pamoto wa madigiri a Celsius pafupifupi 80 mpaka 85, ndipo ulusi uyenera kukhala pamenepo mpaka madzi atayera, chizindikiro choti utoto walowa. Thonje silimva zimenezo. Limafuna utoto wa mtundu wina, monga Procion umene kampani ya ICI inatulutsa mu 1956, wogwira ndi soda ash m'madzi ofunda chabe, ndipo pambuyo pake pamafunika kutsukuluza kwambiri kuti wotsala uchoke. Wofulumira amaphula mphika msanga, amatsukuluza kamodzi, amayanika. Ulusi umaoneka bwino. Tsiku loyamba kuchapa, kufiira kumalowa m'mizere yoyera imene munthu analuka mosamala, ndipo palibe chobweza. Kudula kachidutswa n'kukanyika m'madzi ofunda a sopo limodzi ndi kansalu koyera sikutenga nthawi. Amene sachita zimenezi asamanene kuti "ulusi wa pamanja ndi mmene umakhalira". Si mmene umakhalira ayi.

Onyika ndi zomera, inunso ndili nanu mawu, ngakhale ntchito yanu ndimaikonda kwambiri. William Henry Perkin asanapeze utoto woyamba wa aniline, wopangidwa ndi mankhwala osati zomera, mu 1856, pafupifupi nsalu zonse zinkanyikidwa ndi zomera, tizilombo ndi dothi, ndipo akatswiri a nthawiyo ankadziwa bwino chimene chimakhalitsa ndi chimene chimathawa. Indigo, mizu ya madder ndi tizilombo ta cochineal zinatchuka chifukwa zimapirira. Turmeric amapereka chikasu chokongola koma amasuluka msanga padzuwa, ndipo beetroot satenga nthawi n'komwe. Zomera zambiri sizigwira bwino ubweya usanayambe waphikidwa mu alum, mankhwala othandiza utoto kugwira. Indigo safuna alum, koma akanyikidwa mothamanga amatsalira pamwamba pa ulusi n'kumadetsa zala za woluka. Mawu akuti "zachilengedwe" pa lebulo asakhale chophimba. Lembani chomera chimene mwagwiritsa ntchito, ndipo ngati mtunduwo udzafooka, nenani.

Lebulo ndi kapepala kakang'ono, koma ndi kokhako kamene kamatsala ndi kasitomala ife titaiwala. Pakhale mtundu wa ubweya, kulemera, kutalika m'mamita, tsiku kapena nambala ya mphika, ndi kachapidwe. Ulusi wa masokosi nthawi zambiri umakhala mamita pafupifupi 400 pa magalamu 100, ndipo umasakanizidwa magawo 75 a ubweya ndi 25 a nayiloni kuti chidendene chisabooke msanga. Munthu akagula ubweya wa nkhosa za merino wokhawokha wopotedwa mofewa, poganiza kuti ndi wa masokosi chifukwa makulidwe ndi ofanana, adzatiimba mlandu, ndipo adzakhala akulondola. Lembaninso ngati ubweyawo ndi superwash, kutanthauza wokonzedwa kuti usagwirane pochapa, kapena ayi. Wosakonzedwa umagwirana n'kufota ukakumana ndi madzi otentha ndi kufikisa, pomwe superwash sugwirana koma umakonda kutamuka ukanyowa.

Zonsezi zimayambira m'kope. Sikelo yoyeza tizigawo ta galamu ndi kope lolembamo utoto wochuluka bwanji pa ulusi wolemera bwanji, asidi wochuluka bwanji, moto wautali bwanji, n'zofunika kuposa kamera yodula. Popanda kope simungalandire oda ya sitolo, simungabwereze mtundu umene anthu aukonda, ndiponso simungadziwe ngati mukupeza phindu, chifukwa maola otsukuluza, kuyanika, kupota ndi kulemba malebulo amangosowa osawerengedwa. Ambiri amatchipitsa katundu wawo pofuna kupikisana ndi fakitale. Mpikisano umenewo sitingaupambane, ndipo wotchipitsa ndi amene amayamba kudumpha masitepe aja kuti nthawi ikwane.

Kumbali ya zipangizo zopotera ulusi, chiyeso n'chomwecho, kungoti chimavala malaya ena. Wongoyamba kumene amakopeka ndi merino chifukwa ndi wofewa akaugwira. Koma tsitsi lake ndi lalifupi komanso loterera, limaduka m'manja mwa wophunzira, ndipo munthu amataya mtima n'kuganiza kuti kupota si kwake. Mpatseni Corriedale kapena Bluefaced Leicester, ubweya wa tsitsi lalitaliko umene umam'dikira kuti manja azolowere. Kamtengo kopotera nako kakhale koyenera: kolemera kwambiri kamadula ulusi wopyapyala, kopepuka kwambiri kamasiya kuzungulira msanga pa ulusi wonenepa. Ndipo musathamangire kum'gulitsa makina opalasa ndi phazi munthu amene sanapotepo ndi kamtengo, ngakhale phindu lake ndi lalikulu. Ogulitsa ubweya wosachapa, uzani anthu kuti ukachapidwa umapepuka kwambiri, wa merino mwina mpaka theka, chifukwa mafuta ndi dothi zimachoka. Komanso yang'anani njenjete musanatumize. Thumba limodzi lokhala ndi mazira likhoza kuwononga ubweya wonse umene munthu wasunga kunyumba kwake.

Pali ubweya wina umene timaunyika tokha kuti anthu akapote. Umenewu ndi wosavuta kuuwononga: ukawira kapena ukatakasidwa mumphika umagwirana mkati, kunja ukuoneka bwinobwino, ndipo wopota amalimbana nawo mpaka zala kupweteka. Musanaluke ubweyawo kukhala nkhata yokongola yojambula ija, sololani pang'ono kumapeto muone ngati tsitsi likutuluka mosavuta.

Wina anena kuti pamsika wa pa intaneti wopambana ndi wa chithunzi chokongola, zinazi palibe amaziona. Pa Etsy, imene inayamba mu 2005, mwina tsiku loyamba zimakhaladi choncho. Koma oluka amalankhulana. Pa Ravelry, tsamba la pa intaneti la oluka, kuyambira 2007, anthu amaika zithunzi za zimene aluka pansi pa dzina la ulusi umene anagwiritsa ntchito, n'kulemba ngati unachucha, ngati unatamuka, ngati mamita anakwana. Amene akufuna kugula mipukutu ya juzi yathunthu amayamba wawerenga kumeneko asanatulutse ndalama, ndipo oda ya mtundu umenewo ndi imene imalipira katoni yotsatira ya ulusi woyera.