Wogundidwa ndi thiraki asamalizire nkhani kwa dalaivala

Ndimaona kuti ambirife timalakwitsa potenga ngozi ya thiraki ngati ngozi ya galimoto yaing'ono, pamene njira yopezera chipukuta misozi pa ziwirizi ndi yosiyana kwambiri. Galimoto yaing'ono ikagunda munthu, kawirikawiri woyendetsa ndiye mwini wake, inshuwalansi ndi imodzi, ndipo wolondola nkhani amadziwa khomo loti agogode. Thiraki ya pamsewu wa M1 ili ndi anthu ambiri kumbuyo kwake: dalaivala ndi waganyu, mutu wa thiraki ukhoza kukhala wa kampani ina, ngolo yake ya kampani inanso, ndipo katundu ndi wa munthu wachitatu. Mutu ndi ngolo zimakhala ndi nambala zosiyana, choncho wolemba nambala ya kumbuyo yokha akhoza kupezeka akulondola munthu wolakwika.

Lamulo la Road Traffic Act limakakamiza galimoto iliyonse kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ndipo limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansiyo mwachindunji. Vuto ndi lakuti ndalama zimene inshuwalansi imalipira zili ndi malire, ndipo m'milandu yambiri yomwe yafika ku High Court malirewo anali K5 miliyoni. Kodi ndalama imeneyi ingasamale munthu woduka mwendo kapena wothyoka msana, mabala amene thiraki yodzaza simenti imasiya? Apa ndi pamene kudziwa bwana wa dalaivala kumakhala kofunika, chifukwa wolemba ntchito amayankha pa kusasamala kwa wantchito wake ali pa ntchito, ndipo zotsala pamwamba pa malire a inshuwalansi zimafunsidwa kwa iye. Kampani ikhozanso kufunsidwa za mabuleki osakonzedwa, katundu wopyola muyezo wa pasikelo, kapena kuumiriza dalaivala kuyenda usiku wonse osagona.

Mathiraki ambiri ndi akunja, olowera pa Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe. Ena amayenda ndi Yellow Card ya COMESA, inshuwalansi ya galimoto zodutsa malire a mayiko, imene imalola kuti wovulala alipidwe konkuno, koma thiraki ikangotuluka m'dziko zikalata zake za inshuwalansi zisanalembedwe mu lipoti la apolisi, kuipeza kumakhala kovuta zedi.

Chimene chimandiwawa ndi chizolowezi cholandira kangachepe kwa dalaivala pamsewu pompo, ati nkhani ithere pomwepo, dokotala asanalembe lipoti lake. Dalaivalayo akungoteteza ntchito yake, ndipo sindimuda, koma ndalama za m'thumba mwake sizingafanane ndi zimene kampani ndi inshuwalansi ziyenera kulipira. Okwera matola pamwamba pa katundu nawonso adziwe kuti inshuwalansi ya thiraki yonyamula katundu nthawi zambiri siwawerengera ngati okwera ovomerezeka. Wovulala aonane ndi loya kapena a Legal Aid Bureau msanga, popeza nthawi yosumira ili ndi malire.