Kwa ofuna kuyamba kuwedza ku Senga Bay: ndalama zanu zisathere pa ndodo

Loweruka lililonse ku Senga Bay kumafika abale athu ochokera ku Lilongwe atanyamula ndodo zowedzera zonyezimira, zokhala ndi chopukusira chingwe chimene amati reel, zina zoitanitsa ku Johannesburg. Dzuwa likapendeka amakagula nsomba kwa asodzi a pagombe kuti asabwerere chimanjamanja. Chapafupi pomwepo mwana wa bango limodzi, nayiloni wa mamita 4 ndi kachidutswa ka patapata wapeza kale ndiwo. Maganizo anga ndi akuti munthu woyamba kumene kuwedza asathamangire ndodo yodula. Nsomba siiona ndodo. Imaona nyambo, mbedza ndi chingwe chakumapeto, ndipo oyamba kumene amalakwitsa pomwepo.

Funso limene aliyense amayamba nalo ndi lakuti chambo chimadya nyambo yanji. Yankho lake silikoma. Chambo chenicheni cha m'nyanja chimadya tizomera ting'onoting'ono toyandama m'madzi, ndiye sichithamangira mbedza. Chimene mumagula pamsika chija chimagwidwa ndi maukonde. Zimene zimadya nyambo mosavuta pafupi ndi gombe ndi makumba, mbaba ndi tinsomba ta m'miyala, komanso milamba m'malo a matope ndi m'mathiriro a mitsinje. Kampango amadya pansi, makamaka usiku, pafupi ndi miyala. Mcheni amasaka usipa pakati pa madzi akuya, ndipo popanda bwato simumufikira. Sungwa amabisala m'mabango ndi m'zomera za m'madzi kudikira tinsomba todutsa. Sankhani kaye nsomba imodzi imene mukufuna, zida zibwere pambuyo.

Manambala a mbedza amasokoneza anthu ambiri m'sitolo. Nambala ikamakula mbedza imachepa: 12 ndi yaing'ono kuposa 6. Koma zikafika pa 1/0, 2/0, 4/0 zimatembenuka, nambala ikamakula mbedza nayonso imakula. Makumba ndi mbaba zimafuna 10 kapena 12, poti kukamwa kwake n'kochepa. Milamba imafuna kuyambira 1 mpaka 2/0, kampango 3/0 mpaka 5/0. Mcheni ali ndi mano akuthwa, choncho mugulireni mbedza ya thupi lalitali kuti aziluma chitsulo osati chingwe. Woyamba kumene amagula mbedza yaikulu poganiza kuti igwira nsomba yaikulu. Chimene chimachitika n'chakuti tinsomba timangokudzula nyambo m'mbali mpaka mbedza kutsala yokha, iye n'kumati nsomba za kuno n'zochenjera. Mbedza yaing'ono imatha kugwira nsomba yaikulu, koma yaikulu sigwira yaing'ono. Musanaponye, kandani nsonga yake pa chikhadabo cha chala chachikulu. Ikaterereka osakanda, yabuntha, ichotseni. Miyala ya ku Senga Bay imabunthitsa mbedza tsiku limodzi lokha.

Chingwe nachonso chimodzimodzi. Madzi a nyanja yathu ndi oyera, masana nsomba imaona chingwe chonenepa n'kuthawa. Pa nsomba za pagombe nayiloni wa mamilimita 0.25 ndi wokwanira, amapirira makilogalamu 4 kapena 5. Pa kampango ndi milamba ikuluikulu tengani wa 0.40 mpaka 0.50. Nayiloni amaopa dzuwa. Mpukutu umene wakhala miyezi pa benchi la wogulitsa, kapena pawindo la galimoto, umaoneka wabwinobwino koma wauma. Kokani kachidutswa ndi manja awiri musanalipire.

Tsono mfundo. Apa ndi pomwe nsomba zambiri zimapulumukira, ndipo palibe ndalama imene ingakugulireni mfundo yabwino. Lowetsani chingwe pa diso la mbedza, musiye masentimita 10 akulendewera. Kulungani kansonga kameneko pa chingwe chachikulu kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Bwezani nsonga, ilowe pa kampata kamene kali pamwamba penipeni pa diso la mbedza, kenako ilowenso m'kampata kakakulu kamene kapangika pobweza paja. Musanakoke, nyowetsani ndi malovu. Izi si zamatsenga: nayiloni wouma akamakhuzana amatentha n'kufooka pa mfundo pomwepo. Kokani pang'onopang'ono mpaka zokulunga zija zitagundana bwino, mudule chotsala koma musiye mamilimita 3. Chingwe chikakhala chonenepa kulungani kanayi kokha, mukachulukitsa mfundo simanga.

Nsomba ikakuthawani ndi mbedza, yang'anani nsonga ya chingwe musanadandaule. Ikakhala yopiringizika ngati mchira wa nkhumba, mfundo yanu yamasuka, vuto ndi kamangidwe. Ikaduka mosalala, ndi mano kapena mwala wakuthwa. Ikakhala yokhakhala, chingwe chinali chitakhuzika kale pamiyala. N'chifukwa chake muzipititsa zala pa mita yomaliza ya chingwe nthawi ndi nthawi, mukamva kukhakhala mudule n'kumanganso.

Cholemetsa sichifuna kugula. Nati yakale kapena pulagi ya njinga yamoto yotha ntchito imakwanira, ngakhale mtovu wobowola pakati ndiwo wabwino. Chofunika n'chakuti chizitha kuyenda pa chingwe. Lowetsani chingwe pabowo, mumange swivel, kachitsulo kozungulira kolumikizira zingwe ziwiri, kenako chingwe china cha masentimita 40 kukafika pa mbedza. Kampango akatola nyambo, chingwe chimadutsa m'bowo ndipo iye samva kulemera. Mukachimangirira, amalavula nthawi yomweyo. Madzi akakhala bata magalamu 15 kapena 20 akwana, mafunde akayamba mufunika 40 mpaka 60, apo ayi nyambo imabwerera kumapazi anu. Pamiyala mangani cholemetsa ndi kachingwe kofooka kuposa chachikulu, kuti chikakodwa chitsale chokha.

Wowedza makumba amangirire kachidutswa ka patapata kapena ka chitsekero cha botolo koti kaziyandama, nyambo izilendewera pang'ono pamwamba pa nthaka. Kachidutswako kakhale kakang'ono, kongokwanira kunyamula nyambo. Kakakula, nsomba imalephera kukamiza ndipo inu simudziwa kuti pansi pakuchitika kanthu. Kakamavinavina musakoke, nsomba ikungolawa. Kakamira kapena kuyamba kuyenda cham'mbali, tukulani ndodo ndi dzanja lokha. Ena amakoka ndi thupi lonse, n'kung'amba mlomo wa nsomba kapena kudziponyera mbedza kumaso.

Nyambo yosavuta ndi nyongolotsi. Kumbani pansi pa nthochi kapena pamene pamayenda madzi a pamjigo, muzisunge m'chitini chobowola chokhala ndi dothi lonyowa, pamthunzi. Dzuwa la Salima limazipha ola limodzi lisanathe mukazisiya pamchenga. Potunga, siyani kamchira kazigwedera, ndipo nsonga ya mbedza iziturukira pang'ono. Kukwirira mbedza yonse m'nyambo n'kumene kumachititsa kuti mukoke wopanda kanthu. Nsima ya dzulo yokanda bwino imagwira makumba, koma kondowole wa ku Nkhotakota amaiposa chifukwa amamatirira pa mbedza. Ngumbi ndi ziwala, m'nyengo yake, sizikanidwa. Musanayambe, ponyani madeya onyowetsa odzaza manja awiri pamalo amodzi, ndipo muziwedza pomwepo osati kuyendayenda gombe lonse.

Kampango, mcheni ndi milamba zimafuna usipa wauwisi, wogula m'mamawa mabwato akamafika. Wofewa umagwa pa mbedza mukangoponya. Utungeni podutsa m'mutu pomwe pali fupa, kenako muukulunge ndi ulusi wosokera kanayi kapena kasanu. Mafuta odzola, sopo wonunkhira ndi petulo zisakhudze nyambo. Sambani m'manja ndi mchenga wa m'nyanja momwemo.

Amene munagula kale reel, sindikunena kuti muitaye. Ndodo ya mamita 2.1 mpaka 2.7 imagwira ntchito zonse za pagombe. Koma dziwani zitatu izi. Chingwe chisadzaze mpaka pamlomo wa mpukutu, siyani mamilimita 2 kapena 3, apo ayi chimatuluka chambiri nthawi imodzi n'kukolana. Kachiwiri, kachopotera ka pamwamba, kamene amati drag, musakamange mpaka kuuma. Kokani chingwe ndi dzanja, chizituluka movutikira koma chizituluka, kuti nsomba yaikulu ikathamanga chingwe chisaduke. Ndipo nsomba ikamatulutsa chingwe, lekani kupukusa, chifukwa kupukusa nthawi imeneyo kumapota chingwe. Kachitatu, mchenga. Reel yogoneka pamchenga imayamba kulira tsiku lomwelo. Mbedza ikakodwa pamwala musalimbane nayo ndi ndodo, nsonga imathyoka. Kulungani chingwe pa kamtengo, mukoke molunjika nkhope mutatembenuzira kumbali.

Nthawi yabwino ndi m'bandakucha mpaka cha m'ma 8 koloko, ndi madzulo dzuwa likamalowa. Masana nsomba zimatsikira kozama. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, ndipo umanyenga: m'mawa nyanja ili zii, pofika 10 koloko mafunde akuswa. Woyamba kumene asakwere bwato yekha nyengo imeneyi, ngakhale amasambira bwanji ku dziwe la ku hotela. Bwato losema limafuna ozolowera, ndipo kuimirira m'menemo pokoka nsomba ndi njira yachidule yogubuduzikira. Lipirani msodzi wa pomwepo akutengeni, muvale jekete loyandamitsa, foni ikhale m'pepala la pulasitiki lomanga. Safunsa anadya phula: msodziyo amadziwa pomwe pali miyala ya kampango, pomwe atchera maukonde anzake, ndi pomwe ng'ona yaoneka sabata ino. Mvula ya ziphaliwali ikayamba, gonekani ndodo pansi, makamaka zopangidwa ndi carbon, zimene magetsi amadutsamo mosavuta.

Za ng'ona ndi mvuu si nkhani yoopsezera ana. Mathiriro a Linthipe ndi Bua, dziwe la Chia, ndi paliponse pa mabango ndi malo awo, ndipo ndi malo omwewo amene milamba ndi sungwa zimachuluka. Imani mamita angapo kuchokera m'madzi, musatumbulire nsomba m'mphepete, musamangirire nsomba zogwidwa kale m'madzi pafupi ndi miyendo yanu. M'madzi odekha a m'mabango mulinso nkhono za likodzo. Mukalowamo, pakatha milungu 6 mpaka 8 pitani kuchipatala akakupimeni, osadikira kuona magazi m'mkodzo.

Ngozi imene imachitika kawirikawiri ndi mbedza kulowa m'chala. Kamnga kobwerera m'mbuyo kali pansonga kaja kakalowa m'mnofu, musazule, mudzang'amba. Ngati nsonga ili pafupi kutulukira, ikankheni ipitirire mpaka kamnga kaonekere, mukadule ndi pulayazi, kenako mubweze chotsalacho mmene chinalowera. Tsukani ndi madzi oyera ndi sopo, mupite akakubayeni katemera wa kafumbata. Ikalowa mozama, pafupi ndi diso, kapena pa mfundo ya chala, dulani chingwe chokha, mbedza muisiye mupite nayo kuchipatala. Mukamawedza ndi ana, finyani kamngako ndi pulayazi kaphwatalale. Nsomba zingapo zidzapulumuka, koma mbedza idzatuluka yokha pakhungu. Kampango, milamba ndi nkholokolo zili ndi minga pa zipsepse za m'mbali, nkholokolo ndiye amaziumitsa osapindika. Gwirani kumbuyo kwa mingayo ndi kansalu. Ikakubayani, viikani dzanja m'madzi otentha amene mungapirire, ululu umatsika.

Kuwedza kosangalala sikukuikani pamwamba pa malamulo. Lamulo la za usodzi la 1997 limakhudza aliyense, ndipo za chiphaso kafunseni ku ofesi ya za usodzi paboma musanayambe. Chambo chosakwana masentimita 15, kasawala uja, chibwezeni m'madzi ndi manja onyowa. Zilumba za Maleri zili mu Lake Malawi National Park, saloleza kuwedza m'mamita 100 ozungulira. Ku chilumba cha Mbenje, m'dera la Gogo Chalo Makanjira, amatseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo mowa sufikako. Nsomba za mpasa zimakwera mtsinje wa Bua kukaswana, koma m'kati mwa nkhalango ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015, simuponya mbedza popanda chilolezo. Ndipo pagombe lililonse pali komiti ya asodzi. Kupereka moni kwa akuluakulu ake kulibe mtengo.

Zikagwidwa, ntchito sinathe. Mu Okutobala nsomba yosiyidwa padzuwa imafewa maola awiri asanathe, ndipo msewu wa ku Lilongwe nawo ndi maola awiri ena. Ipheni pomenya pamutu, muitumbule, muchotsenso zopumira zofiira za m'mutu chifukwa kuwola kumayambira pamenepo. M'bokosi ikani madzi oundana pansi ndi pamwamba, kulemera kwake kufanane ndi kwa nsomba, ndipo madzi osungunuka muziwataya. Ngati mulibe madzi oundana, ing'ambeni pamsana, muithire mchere, muikulunge m'thumba la ziguduli lonyowa, ikhale pamthunzi podutsa mphepo. M'jumbo yomanga musaikemo, imaphika nsomba.