Dzanzi la m'manja mwa dalaivala si ulesi

Ndakwiya kwambiri ndipo sindikufuna kubisa. Alamu anga amayendetsa thiraki ya mafuta pakati pa Dar es Salaam ndi kuno ku Mzuzu, ndipo atafika kunyumba kwawo ku Chibavi sabata yatha ndinawaona ndi maso anga akulephera kumanga mabatani a malaya awo, mpaka achemwali anga ndiwo anawamangira. Kapu ya tiyi anaigwira ndi manja awiri, zala zitapindika osafuna kuwongoka. Atapempha masiku awiri okha kuti akaonane ndi dokotala, abwana awo anawayankha kuti ngati atopa asiye makiyi patebulo chifukwa anyamata ofuna ntchito ali mbwee panja pa geti, ndipo anawonjezera kuti munthu wongokhala pampando tsiku lonse alibe chifukwa chodandaulira za manja.

Mawu amenewa ndi achipongwe. Dzanzi limene limagwira manja a dalaivala si ulesi, si kunamizira, komanso si njira yozembera ntchito. Kumeneku ndi kuvulala pantchito, kungoti magazi sakutuluka ndiye anthu okhala mu ofesi sakukuona. Munthu amene wagwira chiwongolero kuchokera ku Dar es Salaam, kudutsa Morogoro, Iringa ndi Mbeya, kulowa pa Songwe mpaka kudzafika kuno, wayenda makilomita oposa 1,000 manja ali chifumbatire, ndipo injini ikunjenjemera m'zala zake ulendo wonse. Kodi amene akunena kuti dalaivala amangokhala, anakwerapo phiri la Chiweta ndi thiraki yodzaza, dzanja lina likulimbana ndi chiwongolero pa makona aja, lina likusintha magiya mosalekeza? Kodi anayendetsapo thiraki m'bandakucha mwezi wa June, chifunga chili tolo, zala zitauma ndi chisanu? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mwini manja akati manja akupweteka, ndiye kuti akupweteka, ndipo palibe bwana amene angamve ululuwo m'malo mwake.

Achipatala amati kufumbata kwa nthawi yaitali ndi kunjenjemera kwa galimoto kumapanikiza mtsempha wodutsa polumikizira dzanja ndi mkono, vuto limene amalitcha carpal tunnel syndrome, ndipo matenda a shuga amatha kuwonjezerapo. Zimenezo ndi zawo. Chimene ine ndikudziwa ndi chakuti alamu angawo amadzuka pakati pa usiku n'kumakutumula manja chifukwa chala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati zachita dzanzi, ndipo m'mawa sangathe kutsegula botolo la mafuta ophikira. Munthu waulesi sadzuka usiku kuti anamize anthu amene ali m'tulo. Munthu wonamizira sangachite manyazi pamaso pa ana ake pamene ndalama zachitsulo zikumupulumuka m'manja akufuna kuwapatsa za sukulu. Ameneyu ndi munthu wovulala, ndipo chomuvulaza ndi ntchito imene ikulemeretsa amene akumunyozawo.

Ndibwereze kuti onse amve: manja amenewa anavulala akugwira ntchito. Lamulo la Employment Act la 2000 linaika maola 48 pa sabata ngati malire a ntchito yamasiku onse, ndipo lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapereka udindo kwa olemba ntchito woteteza thanzi la antchito awo. Malamulo amenewa sananene kuti madalaivala a mathiraki si anthu. Chodabwitsa ndi chakuti tayala likatha abwana omwewa amalisintha tsiku lomwelo osafunsa ngati likunamizira, koma dzanja la munthu likatha amamuuza kuti asiye makiyi. Zimenezi ndi nkhanza, ndipo sindipeza dzina lina loti ndizitchule.

Amene sakumva chisoni ndi dalaivala aganizeko za moyo wawo omwe. Thiraki imeneyi imanyamula malita oposa 30,000 a petulo, ndipo imadutsa pa Bwengu, pa Enukweni, pa Ekwendeni mpaka kulowa ku Luwinga, m'malo modzaza ndi ana asukulu, amayi ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu, akabaza ndi maminibasi. Dzanja limene silikumva chimene lagwira ndilo likuwongolera katundu yenseyu. Tsiku limene chiwongolero chidzapulumuka pakona, tonse tidzathamangira kulemba pa Facebook kuti dalaivala anali woledzera kapena ankathamanga kwambiri, ndipo palibe amene adzakumbukire kuti munthuyo anapempha masiku awiri n'kukanizidwa. Mafuta akasowa mu mzinda muno timagona pamizere, thiraki ikatulukira timaomba m'manja ndi kuimba mahutala, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene amafunsa kuti manja obweretsa mafutawo ali bwanji. Ifenso tili ndi mlandu pa nkhani imeneyi.

Dalaivala akadandaula za manja ayenera kupatsidwa nthawi yopita kuchipatala popanda kuopsezedwa, ndipo pa ulendo wautali ngati umenewu ayenera kuloledwa kuima, kutsika ndi kuwongola zala popanda kuimbiridwa foni yomufunsa chifukwa chimene galimoto yaima. Sakupempha mphatso ayi. Akupempha kuti kuvulala kwake kutchedwe kuvulala.

Chinanso chimene chikundinyansa ndi nkhani ya mapiritsi. Chifukwa choopa kuchotsedwa ntchito, madalaivala ambiri amangogula Brufen kapena Indocid pa golosale, n'kumeza mapiritsi awiriawiri m'mimba mulibe kanthu, kutsitsira ndi zakumwa zija zoletsa tulo, kenako n'kuliza galimoto. Mankhwala amenewa akamwedwa tsiku ndi tsiku amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, pamene mtsempha uja ukupitirira kupanikizika. Ogulitsawo sawafunsa kanthu bola ndalama yalowa, ndipo abwana akuzidziwa bwino zimenezi chifukwa mapaketi otha amawapeza ali mbwerekete pansi pa mpando galimoto ikapita kokatsukidwa.