Heathrow, yambani mwakonza magetsi

Nkhani ya msewu wachitatu wa ndege pa bwalo la Heathrow ku London yabweranso, ati ntchito yonse idzadya mapaundi 49 biliyoni. Ine ndawerenga mpaka mtima kuwawa. Anthu awa manyazi anawasiya kuti? Bwalo lomwe linagona pafupifupi tsiku lathunthu chifukwa cha thiransifoma imodzi, lero likutiuza kuti likufuna kukula?

Kapena mwaiwala. Usiku wa pa 20 March 2025 siteshoni ya magetsi ya North Hyde ku Hayes, yomwe imapereka magetsi ku bwaloli, inagwira moto. Kutacha pa 21 March, bwalo lotanganidwa kwambiri mu Ulaya monse linali zii ngati sitolo Lamulungu. Maulendo a ndege oposa 1,300 anasokonekera, anthu oposa 200,000 kusowa kolowera. Ndege zina zinabwerera zili m'mwamba, ina yochokera ku Perth inakatera ku Paris. Sikuti kunali nkhondo kapena chivomezi ayi. Magetsi basi. Zomwe timaseka nazo kumudzi, zoti athimanso, zinachitika ku London, pabwalo lomwe chaka cha 2024 panadutsa anthu pafupifupi 84 miliyoni.

Chondipsetsa mtima kwambiri ndi ichi: ofufuza anapeza kuti chinyontho chomwe chinayambitsa motowo chinaoneka kale mu thiransifomayo mu 2018. Zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri vuto likudziwika, osalikonza. Ena akuti mlandu ndi wa National Grid, kampani ya magetsi yosamalira thiransifomayo, ena akuti Heathrow inali ndi masiteshoni ena awiri oti ikanatha kukokako magetsi. Zolozana zala zimenezo ine sizikundikhudza. Mwini bwalo ndiye amayenera kudziwa kuti nyali yake ikathima ayatsa chiyani. Ndipo mkulu wa bwaloli, a Thomas Woldbye, usiku umenewo anali m'tulo, foni yawo ili yosalira. M'tulo!

Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Kunjaku magalasi mbee, masitolo a mawotchi odula, mafuta onunkhira ponseponse, koma kuseri waya mmodzi akapsa zonse zaima. Ndiye mukufuna kuwonjezera msewu pamwamba pa zimenezi? Misewu iwiri yakukanikani kuisunga yoyaka, wachitatu mudzauyatsa ndi kandulo? Munthu denga likudontha sayamba kukumba maziko a chipinda china. Amakwera kaye pamwamba n'kutseka pobowoka. Konzani zomwe muli nazo. Konzani kaye. Kodi mawu amenewa ndi ovuta kumva?

Akuti bwalo ladzaza, malire a maulendo 480,000 pachaka afikidwa, chuma cha dziko chikufuna kukula. Chabwino, tamva. Nyimbo yake ndi yomweyi kuyambira kalekale: boma la Gordon Brown linavomera mu 2009, la David Cameron linakana mu 2010, aphungu anavomeranso mu 2018, khoti linaimitsa mu 2020, khoti lalikulu n'kutsegulanso chaka chomwecho, nduna ya zachuma a Rachel Reeves n'kudzaikumbanso mu January 2025. A Boris Johnson mpaka analonjeza kuti adzagona kutsogolo kwa mathirakitala kuti msewuwo usamangidwe. Zaka zonsezi kukangana za msewu womwe kulibe, thiransifoma yomwe ilipo ikuwola mwakachetechete.

Ndipo taganizirani anthu a ku Harmondsworth ndi Longford, midzi yoyandikana ndi bwaloli. Nyumba mazanamazana zigwetsedwe, msewu waukulu wa M25 aulowetse pansi, anthu asamuke pamalo pomwe anabadwira, zonsezi kuti bwalo losatha kudzisungira magetsi likhale ndi ndege zambiri zoti zidzaime tsiku lomwe adzathimenso. Mungamuuze bwanji gogo kuti apakire katundu wake pa chifukwa chotere?

Ndalamazo musaganize kuti zidzatsika kumwamba. Zidzalowa mu tikiti. Ife amene timasunga chaka chonse kuti December tikaone makolo, kudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi, ndife amene tidzalipire, pomwe Heathrow ili kale m'gulu la mabwalo odula kwambiri padziko.

Ndiye pali kandalama kaja kotsitsira munthu pakhomo la bwaloli. Anayamba ndi £5 mu 2021, pofika 2025 kanali pa £6. Kungoima, kutsitsa chikwama, kugwirana chanza, walipira. Makamera owerenga nambala ya galimoto amenewo ndiye sathima magetsi.