Bwemba ndi mtengo woyenera kudzalidwa, osangodalira wa m'tchire

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lathu limakhala pa nyengo yodzala mitengo, ndipo m'manazale ambiri mumadzaza mbande za bulugama, kesha ndi malaina. Chomwe chimandidandaulitsa n'chakuti mbande ya bwemba simuipeza kawirikawiri, ngakhale m'maboma otentha monga Salima, Mangochi, Chikwawa ndi Nsanje kumene mtengowu umakondwa kwambiri. Tinazolowera kunena kuti bwemba amamera yekha, koma mitengo ikuluikulu imene tikuthyolako lero ikutha ndi nkhwangwa za ootcha makala ndi osema mitondo, pomwe ing'onoing'ono yoti ilowe m'malo mwake imadyedwa ndi mbuzi isanafike n'komwe m'chiuno.

Mu Malichi 2024, ng'amba ya El Niño itapsereza chimanga, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mitengo ya bwemba sinaume ndi ng'amba imeneyo, chifukwa mizu yake imapita pansi kwambiri kukapeza chinyezi chimene chimanga sichingafikire. Zipatso zake zimakhwima m'nyengo yopanda mvula, ndipo mukazifumbata, chikoko chimaphwanyika mosavuta n'kusiya nyama yowawasa yomata pa njere. Amayi amaiviika m'madzi, kufinya, kusefa, kenako n'kuthira m'phala kapena kupanga chakumwa chimene masiku ano chimagulitsidwa m'mabotolo m'matauni. Ku India, kumene amalima bwemba wochuluka kuposa dziko lina lililonse, chipatsochi ndi malonda aakulu, chonsecho kwawo kwenikweni kwa mtengowu ndi kuno ku Africa.

Ambiri amaukana ponena kuti umachedwa kubereka, ndipo zimenezo n'zoona. Wodzala kuchokera ku njere amadikira zaka 6 mpaka 8, koma womezanitsa amayamba kukolola pakatha zaka 3 kapena 4, ndipo mtengo ukakhazikika umatha kubereka mpaka adzukulu adzadyeko. Ntchito yake si yovuta. Njere ili ndi khungu lolimba, choncho muikande pang'ono kapena muiviike m'madzi usiku wonse musanaifese m'chubu. Pamene pali ntchito yeniyeni ndi pa zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira, pofunika kutchinga mbandeyo ndi minga kuti ziweto zisaidye, kuithirira m'chilimwe choyamba ndi kulambula udzu mozungulira kuti moto wolusa usaiwambe. Ndikulangizanso kuti musaudzale pakati pa munda, chifukwa mthunzi wake ndi wandiweyani ndipo mbewu sizichita bwino pansi pake. Malo ake ndi m'malire, pabwalo la sukulu kapena pafupi ndi khola.

Ine ndafesa kale njere 20 m'machubu kuseri kwa nyumba, ndipo ndikupempha makomiti a zachilengedwe m'midzi kuti m'nazale ya chaka chino asiyeko mzere umodzi wa bwemba.